A Makiyi Sanaweruke

Ine sindine wolankhulalankhula, ndipo nkhani iyi pakamwa imandikanika, n'chifukwa chake ndikuilemba. Zimene ndinene pano zinachitikadi. A Mawaya, amene amakonza makompyuta a kuntchito kwathu, analipo ndipo anaona ndi maso awo. Mukawafunsa lero amangoti, "Zinatheka," n'kuyamba nkhani ya mpira. Amayi anga nawonso ali ndi mbali yawo, koma imeneyo ndiinena ikafika.

Ababa anali kalaliki pa sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira nyumba: malata, misomali, penti, simenti. Kuntchito ankawatchula kuti a Makiyi, chifukwa ndiwo ankatsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Ine ndinakula ndikuwadziwa ababa ndi khutu. Ndinkamva makiyi kuti ngwerengwere pageti kunja kutada kale, ndipo m'mawa ndinkangopeza kapu yawo patebulo, eni ake atapita.

Tsiku lina masana mutu unawawawa. Analowa m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu ya sitoloyo, kukapumula, monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa m'menemo muli fani. Anakhala pa kreti ya zakumwa yogadabuza, n'kutsamira khoma. Asisi a pakauntala, amene amalandira ndalama kwa makasitomala, ndiwo anawapeza. Poyamba ankaganiza kuti agona.

Amayi mpaka lero sanena kuti ababa anamwalira. Masiku amenewo ankangoti, "Bambo ako sanaweruke."

Nthawi imeneyo ndinali nditangolemba mayeso omaliza a ku sekondale. Maliro atatha, abwana a ababa anabwera kunyumba, anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, n'kufunsa amayi kuti, "Mwanayu anaphunzirako kompyuta?" Amayi anayankha kuti eya ndisanatsegule pakamwa. Zoona zake n'zakuti kusukulu tinkaunjikana gulu lonse pa kompyuta imodzi, ndipo ine ndinkakhala kumbuyo. Koma makina osokera a amayi sakanatha kutidyetsa ndi kuphunzitsa mlongo wanga wamng'ono. Lolemba lotsatira ndinakakhala pa mpando wa ababa, pa khushoni imene inali idakali ndi dzenje lawo.

Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyo. Chilichonse chimene sitolo yagula kapena kugulitsa chimalowetsedwa mu pulogalamu ya akaunti. Koma zinthuzo sizikhala mu kompyuta imene ukulembapo. Zimakhala mu seva, kompyuta yaikulu ya m'kachipinda kopanda windo kaja, ndipo makompyuta athu, ya abwana, ya asisi ndi yanga, amatunga kumeneko monga mipopi itungira pa thanki imodzi.

Tsiku loyamba pulogalamu inandifunsa dzina ndi pasiwedi. Abwana anakanda m'mutu.

"Kuwonjezera munthu watsopano eni pulogalamuyi amatilipiritsa," anatero. "Lowa ndi dzina la bambo ako. Magazi ndi amodzi."

Dzina linali lodziwika, makiyi basi. Pasiwedi ndiyo panalibe ankaidziwa. Abwana anayesa dzina la sitolo, asisi anayesa timu ya mpira imene ababa ankaikonda. Zinakana. Ine ndinalemba dzina limene ababa okha ankandiitana nalo kunyumba, ndipo inatseguka. Ndinayang'ana pansi kuti asandione maso.

Masiku oyamba zinkayenda. Kenako zinayamba.

Ndimakhala ndikulowetsa mulu wa mainivoisi, mzere ndi mzere, malata angapo, misomali makilo angapo. Mwadzidzidzi sikirini imachita mbuu, kagudumu kamazungulira, kenako kabokosi ka Chingerezi kamatuluka konena kuti kulumikizana ndi seva kwaduka. Zonse zimene sindinasunge zimapita. Ndimalowanso, n'kuyambira pachiyambi. Vutoli linalibe nthawi yake. Lero osachitika, mawa osachitika, mkuja kambirimbiri m'mawa umodzi. Ndipo linkachitika pa kompyuta yanga yokha.

Abwana anaitana a Mawaya. Ndi bambo owonda, a chikwama chakumsana chong'ambika zipi, a maso ofiira ngati munthu amene sanagonepo bwino chibadwire. Anakhala pambali panga m'mawa wonse akudikira kuti vuto lichitike. Silinachitike. Atangotuluka pageti, kabokosi kaja kanatuluka.

"Vuto lobwera n'kumapita ndi loipa kuposa lofera pomwepo," anatero atabweranso. "Lili ngati dzino. Ukafika kwa dokotala lasiya kuwawa."

Anayamba ndi chingwe changa cha netiweki. Anachitsata pansi pa matebulo akukwawa, anapeza pamene makoswe anatafuna, anasangalala, n'kuika chatsopano. Mawa lake zinadukanso. Anasintha kabokosi ka timagetsi tophethira kamene zingwe zonse zimakumanapo. Zinadukanso. Anati mwina seva imagona ikakhala osakhudzidwa, n'kuiletsa kugona. Anati mwina pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikutseka njira, n'kuimasula. Anaomba fumbi m'mimba mwa seva mpaka tonse tinatsokomola. Anauza abwana kuti agule batire yatsopano yosungira moto magetsi akaphethira, abwana anagula akudandaula. Seva anaizimitsa ndi kuiyatsa kosawerengeka. Nthawi iliyonse ankanyamula chikwama n'kunena kuti, "Pano ndiye zatheka," koma mawu ake ankacheperachepera.

"Kamakiyi, zala zakozo zili ndi magetsi eti?" ankatero asisi. "Kapena ukumaonera mafilimu pansipansi? Utiitane nafenso tione."

Ndinkaseka nawo, koma msana unkandiwawa. Ntchito ya tsiku limodzi ndinkailemba kawiri, nthawi zina katatu. Chakudya cha masana ndinkadyera pa kiyibodi. Ndikatseka maso mu minibasi ndinkaona manambala akuyenda.

Kenako a Mawaya anasinthanitsa makompyuta. Yanga anapatsa asisi, ya asisi anandipatsa ine. Kwa asisi zinayenda bwinobwino. Vuto linanditsatira.

Madzulo ake abwana anandiitanira mu ofesi yawo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mwanawe, sindikukuthamangitsa," anatero akupukuta magalasi. "Koma makina onse tasintha, watsala ndiwe. Mwezi uno ukatha mabuku asanatsekedwe, ndiyenera kupeza wina. Bambo ako sanachedwetsepo ngakhale kamodzi."

Ndinati, "Ndamva, bwana." Kunyumba ndinapeza amayi akusoka yunifolomu ya mwana wa eni, maso atayandikitsa pa singano. Anandifunsa za kuntchito. Ndinati kuli bwino.

Pali zina zimene sindinauze a Mawaya, chifukwa sindinkadziwa poyambira. Ababa ankakonda kumumunya maswiti a chifuwa, aja onunkhira mozizira. Kabokosi kasanatuluke, fungo limenelo linkayamba kundipeza. Pang'ono chabe, ngati munthu wadutsa kumbuyo. Ndinafufuza m'madirowa onse, sindinapeze ngakhale kapepala ka switi. M'mawa wina ndinafika limodzi ndi abwana, iwo ndiwo anatsegula, mu ofesi munalibe munthu. Nditakhala pa mpando, khushoni inali yofunda. Ndinadziuza kuti ndi dzuwa la pawindo. Windo lathu limaloza kumadzulo.

Loweruka lomaliza la mwezi sitolo inatseka masana. A Mawaya anapempha makiyi kwa abwana, n'kundiuza kuti nditsale. "Tikhale awiri basi, popanda phokoso la anthu. Lero vutoli ligwidwa kapena ine ndisiya ntchitoyi ndikaweta nkhuku."

Asisi akunyamula chikwama chawo, a Mawaya anandifunsa funso limene sanafunsepo masabata onsewo.

"Kodi iwe umalowa ndi dzina lanji?"

"La ababa."

Anagwira m'mutu ndi manja onse awiri. "Ndiye palibe anandiuza bwanji?"

"Simunafunse."

"Ine kumakwawa pansi ngati buluzi!" Anatembenukira kwa asisi. "Tsiku lija a Makiyi anatisiya, kompyuta yawo anaitseka ndani?"

Asisi anaima pakhomo. Nthabwala zinawathera. "Ndine. Ndinangothimitsa pakhoma, n'kuifunditsa nsalu. Kodi ndinalakwa?"

"Ayi, pitani. Simunalakwe."

Atapita asisi, a Mawaya anakiya chitseko cha kutsogolo n'kuika makiyi patebulo la abwana. Anandifotokozera, nkhope itawala koyamba chiwadziwireni. Pulogalamuyi salola dzina limodzi kukhala malo awiri. Wina akalowa ndi dzina lomwelo, woyambayo amakankhidwira kunja. "Ndiye pali awiri," anatero. "Mwina pali wina akudziwa pasiwedi, kapena dzina la bambo ako linakakamira m'kati chifukwa sanatuluke bwino tsiku lija. Zimachitika." Kenako ananena motsitsa, ngati akudzilankhulira, "Koma seva ndaizimitsa kangati konse? Chokakamira chikanachoka kalekale."

Tinasintha pasiwedi. Yatsopanoyo ndinasankha ndekha iwo atayang'ana kukhoma. Anazula zingwe za makompyuta enawo, anazula cha intaneti, n'kusiya changa chokha. Kenako analowa m'kachipinda ka seva kukayang'ana pa sikirini yake, pamene pamaoneka amene alowa mu pulogalamu.

"Lemba," anatero ali m'katimo. "Usasiye."

Ndinalemba. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Malata a denga ankalira ndi kutentha. Kumsewu wina ankaitanira minibasi, patali galu ankauwa mwaulesi. Ndinamaliza inivoisi imodzi, ndinasunga. Ina, ndinasunga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zathekadi.

Kenako galu uja anasiya.

Fungo linabwera. Osati pang'ono. Linadzaza m'mphuno mpaka maso anachita misozi.

Sikirini mbuu. Kagudumu. Kabokosi.

Ndinadikira kuti a Mawaya akuwe kuti aligwira. Kunali zii.

"Kamakiyi." Mawu awo anali onong'ona. "Tabwera. Usathamange."

Chibwerereni pa ntchitoyo ndinali ndisanalowemo m'kachipindamo. Ndi kochepa, anthu awiri kugundana mapewa. Seva ili pa shelefu, fani pakona, makatoni a malisiti akale mpaka kudenga. Kreti ija inali pomwepo, yogadabuza, pafupi ndi khoma. Palibe anaichotsa. Pakhoma panali kadontho ka mafuta a tsitsi pamene mutu unkatsamira.

A Mawaya anali ataima, manja ali kumbuyo. Analoza sikirini ndi chibwano.

Panali mzere umodzi wokha. Makiyi.

"Si ine?" ndinafunsa.

"Iwe wakankhidwa. Ndinakuona ukuchoka."

"Nanga uyu walowera kuti?"

"Pano."

"Pano pati?"

"Pa seva pomwepa. Pa kiyibodi iyi."

Kiyibodiyo inali pakati pathu. Mabatani ake anali ndi fumbi, kupatula ochepa amene a Mawaya anakhudza. Kumapeto kwa mzerewo kunali malo oonetsa nthawi imene munthuyo analowa. Sinali ya lero. Linali tsiku lija, m'mawa, nthawi imene ababa ankatsegula sitolo.

Kreti inalira. Kamodzi. Monga imalirira munthu akasuntha thako.

Sindinayang'ane. A Mawaya nawonso sanayang'ane. Ndinkamva mpweya wawo ukutuluka pang'onopang'ono.

"Pali batani apa," ananong'ona. "Limatulutsa munthu. Kenako timafufuta dzinalo, n'kupanga lako. Abwana alipire, asalipire, ndi zawo."

"Dinani."

"Ayi." Anapukusa mutu. "Ine ndimakonza makina. Awa ndi bambo ako."

Anandisunthira mausi.

Ndinena zoona. Sindinkafuna. Masabata onsewo ndinkalira ndi kutopa, koma pamenepo ndinazindikira kuti ababa sanakhalepo pafupi nane nthawi yaitali chotero moyo wanga wonse. Ndikadina, sindikanadziwa kumene ndikuwatumiza. Ndikapanda kudina, Lolemba mwezi ukanatha mabuku asanatsekedwe, ndipo amayi akanatsala ndi singano yokha. Ndinaganiza za mlongo wanga ndi nsapato zake zotsegula pakamwa.

Kumbuyo kwanga, pansi, pa kreti, wina anakonza kukhosi. Ababa ankatero asanandifunse za sukulu.

Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu.

"Ababa," ndinatero. "Werukani. Ndimaliza ndine."

Ndinadina.

Kabokosi kanafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadinanso.

Mzere unachoka.

Fani inapitiriza kuzungulira. Seva inapitiriza kung'ung'udza. Kreti inaliranso, motalikirapo, ngati katundu wachoka.

Kenako makiyi. Ngwerengwere.

Anadutsa pakati pathu. Ndinamva kuzizira pa mkono. Anatuluka m'kachipindamo. Anaima pang'ono pa tebulo langa. Anadutsa kauntala. Anafika pa chitseko cha kutsogolo.

Zii.

Titatuluka, makiyi a sitolo anali patebulo la abwana pamene a Mawaya anawasiya. Chitseko chinali chokiya. Fungo linali litatha, kunangotsala simenti ndi penti.

A Mawaya anapanga dzina langa, analakwitsa kawiri. Anandiuza kuti ndilembe. Ndinalemba mulu wonse osaduka, iwo atakhala pa matumba a simenti, chikwama atachikumbatira. Potsiriza anati, "Abwana tiwauza kuti dzina linakakamira. Ndi zoona, si choncho?" Ndinavomera ndi mutu. "Ndipo iwe, ukamaliza ntchito uzituluka bwinobwino mu pulogalamu. Osathimitsa pakhoma. Ngakhale utatopa bwanji."

Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa. Amayi sanali pa makina. Anali atakhala pakhonde, atavala diresi yawo ya kutchalitchi, ndipo patebulo m'nyumba panali kapu ya ababa imene tinaiika pamwamba pa kabati maliro atatha.

"Sunakumane nawo panjira?" anandifunsa.

"Ndani?"

"Bambo ako." Ananena monga akunena za mvula. "Ndinali ndikusoka, ndinangomva makiyi pageti. Dzuwa lili apa." Analoza kumwamba. "Geti silinatseguke. Koma mpando wawo unalira, ndipo nyumba yonse inanunkhira maswiti aja. Mlongo wako anamva nawo, m'funse." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Zaka zonsezi, mwanawe, sanawerukepo dzuwa lilipo."

Sindinawauze zimene ndinachita. Ndinangokhala pambali pawo mpaka udzudzu unatithamangitsa.

Mabuku ndinatseka Lolemba masana. Abwana analipira dzina langa akudandaula, n'kuuza a Mawaya kuti akanafunsa funso limenelo tsiku loyamba. Kuyambira pamenepo kulumikizana sikunadukeponso. Asisi amati zala zanga zinazizira.

Patapita miyezi ingapo abwana anandipatsa makiyi a sitolo, chifukwa ndine ndimatsalira pambuyo. Ntchito ndi yambiri, ndipo panopa palibe chondidula. Ka- wa m'dzina la Kamakiyi uja anagwa yekha, makasitomala ena amangonditchula kuti a Makiyi. Makiyiwo ndimawakulunga mu mpango n'kuwaika pansi pa chikwama kuti asamalire.

Koma masiku amene ndachedwa, asisi atapita, abwana atapita, kuwala kwa pawindo kukufiira, ndimamva makiyi ena. Sali m'kachipinda. Ali panja, kuseri kwa chitseko cha kutsogolo. Salowa. Amalira kamodzi, n'kudikira, n'kuliranso, monga munthu wobwera kudzatenga mwana kusukulu.

Sindinasuzumirepo. Ndimasunga zimene ndalemba, ngakhale mulu usanathe. Ndimatuluka mu pulogalamu bwinobwino, ndimadikira mpaka dzina langa lichoke. Kenako ndimazimitsa magetsi, n'kunena motsitsa kuti ndikubwera.